Tikamaseka wa pa TV, mwana wa pakhomo amamva

  Misana ikudandaula pang'ono, poti ena tadzukira ku Lilongwe, ena ku Mzuzu, ndipo msewu wa M5 mukuudziwa nokha. Tithokoze amayi a kuno ku Dwambazi potilandira ndi kondowole wa usipa. Ena a m'tauni anayamba ndi kumuyang'ana mokayika, koma tawaona akupempha mtanda wachiwiri.

Nkhani ya lero ndi ija timaikamba monong'ona, apo ayi moseka. Kuikamba bwinobwino, titakhala pansi ngati anthu akuluakulu, sitinazolowere. Funso lake ndi ili: munthu wotchuka, woimba, wosewera mpira kapena wa pa TV, akabwera poyera n'kunena kuti amakonda mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake, ife timatani? Nanga zimene timachitazo zimakagwera ndani?

Tineneretu, sitinabwere kudzalanda munthu chikhulupiriro chake. Muno muli a Katolika, a CCAP, a Anglican, Asilamu ndi a Pentekosite, ndipo aliyense abwerera kwawo ndi chipembedzo chimene wabwera nacho. Ena mwa inu nkhaniyi ikukunyansani kale, taona nkhope zina zakwinyika. Palibe vuto. Khalani nafe mpaka kumapeto, kenako tidzatsutsane nthawi ya mafunso.

Tiyambire pa ukwati. Ndani muno sanavinepo Vulindlela pa ukwati kapena pa chinkhoswe? Nyimbo ija ikangolira, ngakhale mayi wa mvano amaiwala kuti bondo limamuvuta, ndalama za perekaniperekani zili m'manja. Mwini nyimboyo, Brenda Fassie, sankabisa kuti ankakondanso akazi anzake. Ankanena yekha, atolankhani akulemba. Anamwalira mu May 2004, koma mpaka lero tikuvinabe. Palibe anaimitsapo ukwati kuti DJ chotsa nyimboyo. Mawu ake tinawalandira, mavinidwe ake tinawalandira, koma mbali ina ya moyo wake tinangoyang'ana kumbali ngati sitinamve.

Wina ndi Somizi Mhlongo. Ena munamudziwira mu filimu ya Sarafina, ambiri pa Idols ya ku South Africa, kumene anali mmodzi wa oweruza. Ku saluni, akatulukira pa TV ndi tsitsi lake la mitundumitundu, tonse timasiya zoluka n'kumaonerera. Timaseka nthabwala zake, timasirira zovala zake. Koma mu 2019 ataitanidwa ku chisangalalo cha Lusaka July, nduna yoona za zipembedzo ku Zambia pa nthawiyo, a Godfridah Sumaili, ananena kuti munthu wotere safunika m'dziko lawo, ndipo ulendowo unalephereka. Mu 2021 zinachitikanso ku Harare, kumene anaitanidwa kukatsegulira malo odyera: atsogoleri ena a mipingo ndi achinyamata a chipani cholamula anakana. Munthu yemweyo, amene anthu amalipira DStv mwezi ndi mwezi kuti amuone, akafuna kuponda dothi lawo akuti ayi.

Apa pali chinthu choti tichione. Wotchuka wotere timamukonda akakhala kutali, mkati mwa galasi la TV, akutisangalatsa. Akayandikira, akakhala munthu wa magazi ndi mnofu amene angakhale pa mpando woyandikana nafe mu minibasi, chikondi chija chimasanduka mkwiyo. Tsono tiyeni tibwere kwathu, tione zimene tinachita pamene munthuyo anali wathu.

Pa 26 December 2009, ku Mankhoma Lodge mumzinda wa Blantyre, kunachitika chinkhoswe cha Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza. Tiwonge, wa ku Thyolo, ankagwira ntchito pa lojipo. Sanali woimba, sanali wa pa TV. Kutchuka tinam'patsa ndife. Nyuzipepala ya The Nation inaika nkhaniyo patsamba loyamba, ndipo patangopita masiku awiri onse anamangidwa. Belo anawakaniza. Anakhala ku ndende ya Chichiri miyezi isanu mlandu uli mkati. Ambiri mwa inu munali ku pulayimale, ena munali musanayambe n'komwe sukulu, koma dzina loti Aunt Tiwo munalimva, poti linalowa m'nthabwala za dziko lonse.

Tsiku lililonse la mlandu, khoti la majisitireti ku Blantyre linkadzaza. Anthu ankasiya ntchito ndi malonda kukaonerera, kukuwiza, kuseka. Tsiku lina Tiwonge anadwala m'khoti momwemo mpaka kusanza, ndipo khamu linayamba kumunyoza kuti ali ndi mimba. Taganizani, asisi. Munthu akudwala, ali m'manja mwa apolisi, alibe pothawira, anthu akufa ndi phwete. Ndipo m'khamu lija simunali amuna okha. Munalinso akazi, amayi a ana, anthu amene amadziwa bwino lomwe mmene zimawawira thupi lako likasanduka nkhani ya pamsika.

Pa 20 May 2010, majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, chilango chachikulu kwambiri chimene lamulo limalola pa mlanduwo. Pa 29 May, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atakumana ndi mkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, anawakhululukira, ngakhale ananenetsa kuti iye sakugwirizana ndi zimene anachitazo. Anatuluka, inde. Koma Tiwonge sanathenso kukhala mwamtendere m'dziko lake. Nkhope yake inali itadziwika paliponse. Anathawira ku South Africa, n'kukakhala ku Cape Town ngati wothawa kwawo.

Pali china chimene ambiri sitinachimve chifukwa cha phokoso la kuseka kwathu. Manyuzipepala a kuno ndi a kunja omwe ankalemba kuti awa ndi amuna awiri. Tiwonge mwini wake ankanena kuti iye ndi mkazi, ndipo wakhala akudziona choncho kuyambira ali wamng'ono. Mungavomereze kapena kukana, koma zindikirani kuti dziko lonse linakamba za munthuyu miyezi isanu popanda kumvetsera zimene iye ankanena za moyo wake. Ife akazi zimenezi si zachilendo. Ndi kangati anthu akukambirana za ife, ife tili pomwepo, osatifunsa?

Mwina wina akuti, izi ndi za amuna, zikutikhudza bwanji ife? Tamverani izi. Mlandu wa Aunt Tiwo usanachitike, ndime 153 ndi 156 za Penal Code ndi zimene zinkagwiritsidwa ntchito, ndipo ndime 156 imakamba za amuna okhaokha. Chaka chomwecho cha 2010, mu December, Nyumba ya Malamulo inawonjezera ndime yatsopano, 137A, ndipo Bingu anaisainira kumayambiriro kwa 2011. Ndimeyi ndi ya ife akazi. Imati mkazi wopezeka akuchita zimene lamulolo limazitcha zonyansa ndi mkazi mnzake, kaya pagulu kaya kuchipinda, angathe kumangidwa zaka zisanu. Phokoso lija litatha, amene anatsala ndi lamulo latsopano pamutu ndi akazi. Tinapempha kufanana ndi amuna pa malipiro, pa minda, pa mipando ya ku Nyumba ya Malamulo. Kufanana kumene anafulumira kutipatsa ndi kwa ku ndende.

Ndipo lamulo lotere silifuna kuti uchite kanthu kuti likupweteke. Mphekesera yokha imakwana. Atsikana awiri ochita lendi nyumba imodzi ku Area 25 kapena ku Ndirande chifukwa ndalama ndi zochepa. Mtsikana wosewera mpira, wometa tsitsi, wosakonda diresi. Mkazi wa zaka 35 wosakwatiwa amene wakana mwamuna wina wolemera. Mwamuna wokanidwayo akangonena kuti ameneyo amakonda akazi anzake, basi, landilodi wayamba kuyang'ana moipa, kuntchito ayamba kunong'ona. Ena muno zinakuchitikiranipo, sitikufunsani kuti muimike manja.

Tikumbutsane za January 2012. Mavenda ku Lilongwe, kenako ku Blantyre ndi ku Mzuzu, anayamba kuvula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pamsewu. Lamulo la Kamuzu la 1973 loletsa zovala zotere linali litachotsedwa kale mu 1993, koma anthu ena anaganiza zolibweza ndi manja awo. Ankati akuteteza chikhalidwe. Mkazi akuvulidwa, khamu likuzungulira, likuseka, likuimba mluzu. Akazi anakwiya, anasonkhana ku Blantyre atavala mathalauza, ndipo Pulezidenti naye analankhula kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Tsono tifunse: khamu lija la pa depoti mu 2012 likusiyana pati ndi khamu la pa khoti mu 2010? Kuseka kwake n'komweko. Mawu ake ndi omwewo, akuti chikhalidwe chathu. Chimene chinasintha ndi munthu amene ali pakati pa bwalo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kwa ife mawa lake linafika pasanathe zaka ziwiri.

Tikambeko za mawu akuti izi n'zachizungu. Timawamva nthawi zonse wotchuka akadziulula: watengera azungu, akufuna ndalama za mabungwe. Koma chimene tikudziwa motsimikiza kuti chinabwera ndi azungu ndi lamulolo. Penal Code yathu inalembedwa ndi atsamunda a ku Britain ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Eni akewo anachotsa lamulo lotere ku England ndi Wales mu 1967. Ife tinatsala nalo, tikulisamala ngati chuma cha makolo.

Tayang'anani kunyanjaku. Kukacha bwino, mapiri amene mumawaona tsidya lija ndi a ku Mozambique. Kumeneko kuli anthu olankhula Chinyanja ngati ife, odya usipa womwewu, opalasa mabwato pa madzi omwewa. Dziko lawo linachotsa lamulo lotere mu 2015. Bungwe la Afrobarometer litafunsa anthu m'maiko 33 a mu Africa mu 2014 ndi 2015 ngati angalole kukhala moyandikana ndi munthu wokonda mwamuna kapena mkazi mnzake, ku Mozambique anthu 56 pa 100 alionse anati alibe nazo vuto. Ku South Africa anali 67. Kuno ku Malawi anali 6. Nyanja imodzi, mbali ino 6, mbali inayo 56. Kodi a tsidya lija si Aafirika? Botswana nayo khoti lake linathetsa lamulo lotere mu 2019. Sitikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Tikungoti mtima wa anthu pa nkhaniyi si mwala, umasiyana malo ndi malo ndipo umasintha.

Nambala ija ya 6 tiisunge m'mutu, chifukwa ikutiuza chifukwa chimene oimba athu, osewera athu ndi a pa wailesi athu amene ali otere amasankhira kukhala chete. Ayi, asisi kumbuyoko, musatchule dzina la munthu. Tamva kunong'ona. Chimenecho ndiye chimene tabwera kudzakambirana. Tikangomva nkhaniyi, m'kamwa mumayabwa kuti titchule wakutiwakuti, amayenda mwakuti, sanakwatire mpaka pano. Kutchula munthu dzina pa nkhani imene ingamumangitse zaka 14 si macheza. Kudziulula ndi kwa mwini wake, pa nthawi yake, ngati akufuna. Wina akakuululira, kumeneko ndi kukuponya m'moto.

Amene analimba mtima kuno kwathu anaona zotsatira zake. Kumayambiriro kwa 2016, Eric Sambisa wa bungwe la Nyasa Rainbow Alliance anabwera poyera kudzera ku Times, nkhope yosabisa. Pambuyo pake anayenera kubisala chifukwa cha ziopsezo. Masiku omwewo wandale Ken Msonda analemba pa Facebook kuti anthu otere aziphedwa. Anamutengera kukhoti, koma mlanduwo unathetsedwa ndi ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu usanapite patali. Mu June 2021 kagulu kochepa kanayenda mumsewu ku Lilongwe kukapereka chikalata chopempha ufulu wawo, ambiri ataphimba nkhope. Mu July 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anatsogolera zikwi za anthu m'mizinda yathu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ndipo pa 28 June 2024, khoti loona za malamulo aakulu a dziko ku Blantyre linagamula kuti ndime zija zikhalebe, ndi kuti ngati zisinthe, isinthe ndi Nyumba ya Malamulo. Apo ndi pamene tili ngati dziko. Sitikubisirani.

Tsono tifike pa mtima wa nkhani yathu. Somizi sadzamva zimene timanena ku saluni ya ku Kawale. Ali ndi nyumba yake, galimoto zake, maloya ake. Ndemanga yanu ya pa Facebook yoti ameneyu angofa siimufika, ndipo ikamufika amangodutsa. Koma mawuwo sapita pachabe. Amagwera munthu wina amene ali pafupi kwambiri, amene simukumuganizira n'komwe.

Mtsikana wina anatilembera ku inbox usiku wina. Sititchula dzina, sititchula dera. Anatiuza kuti tsiku lina banja lonse linali pa sitingirumu kuonera TV, ndipo panatuluka nkhani ya woimba wina wa kunja amene anadziulula. Bambo ake anatukwana. Achimwene ake anaseka. Izo akuti sizinamudabwitse. Chimene chinamulasa ndi mayi ake, mayi amene amamukonda, amene anagulitsa mandasi kuti iye aphunzire. Mayiwo ananena mosaganiza n'komwe, akusenda mbatata, kuti mwana wawo atakhala wotero bola atamwalira, akamuike n'kulira kamodzi. Mtsikanayo anali atakhala pansi pambali pawo, akuwathandiza kusenda mbatata zomwezo. Akuti anamaliza kusenda, anatsuka mpeni, anakalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti anthu asamve kulira kwake. Papita zaka, mayiwo mwina anaiwala kuti ananenapo mawu amenewo. Iye sanaiwale ngakhale limodzi. Funso limene anatifunsa linali loti, kodi ndipitirize kukhala ndi moyo?

Tinakhala naye pa foni mpaka kunja kunayera, ndipo tinamulumikiza ndi mlangizi. Lero ali moyo, akugwira ntchito, amawatumizira mayi ake ndalama mwezi uliwonse. Mayiwo sadziwa kanthu. Ndipo sitikuwaweruza, chifukwa iwo ankaganiza kuti akunena za munthu wa ku America. Sanadziwe kuti akulankhula ndi mwana wawo.

Ichi ndiye chimene tikufuna mutenge pa msonkhano uno. Nthawi iliyonse wotchuka akadziulula, m'nyumba zambiri mumakhala wina amene sakuyang'ana TV. Akuyang'ana nkhope zathu. Akufuna adziwe kuti, tsiku limene adzadziwe za ine, adzandichita chiyani? Yankho timamupatsa pomwepo, ndi kuseka kwathu, ndi kutukwana kwathu, ndi ka emoji kosanza kamene timaika pa gulu la WhatsApp la banja. Angakhale mng'ono wanu. Angakhale mnzanu wa pa kwaya, kapena amene anakugwirirani maluwa pa ukwati wanu. Simungamudziwe, poti waphunzira kubisala, ndipo mphunzitsi wake ndife.

Ndipo mawu sathera m'kamwa. Eudy Simelane anali katswiri wa mpira, anasewerera timu ya dziko la South Africa ya akazi, Banyana Banyana, ndipo ankakhala poyera ngati mkazi wokonda akazi anzake m'dera lakwawo la KwaThema. Mu April 2008 gulu la amuna linamugwirira n'kumubaya mpaka kufa. Anali ndi zaka 31. Izi zinachitika m'dziko limene linaloleza maukwati otere mu 2006. Lamulo linasintha, koma m'mitu mwa amuna aja munali mukadali maganizo akuti mkazi wosafuna mwamuna ayenera kuphunzitsidwa. Mwamvapo mawu amenewo kuno? Akuti amangofunika mwamuna weniweni amuwongole. Timawamva mu minibasi, anthu n'kuseka. Asisi, kumeneko ndi kuopseza kugwirira. Ife amene timayenda m'misewu masiku 16 aja chaka chilichonse kukana nkhanza kwa amayi, sitingasankhe kuti mkazi uyu asagwiriridwe koma uyo zake zimenezo.

Tikudziwa mafunso amene akubwera, tiyankhiretu awiri. Loyamba ndi la ana. Ena amati anthu otere amaononga ana. Tinene momveka: aliyense wogona ndi mwana, kaya mwanayo ndi wamwamuna kaya wamkazi, kaya wochitayo ndi ndani, ameneyo ndi chigawenga ndipo malo ake ndi kundende. Pa zimenezo sitinyengerera munthu. Koma inu nomwe mukudziwa kuti atsikana ambiri amene timawaperekeza ku polisi ndi kuchipatala anapwetekedwa ndi amalume, bambo owapeza, aphunzitsi, amuna okwatira bwinobwino. Kusakaniza nkhani ya akuluakulu awiri ogwirizana ndi nkhani yogwirira ana kumangothandiza ogwirira enieniwo kubisala.

Lachiwiri: kodi mukuti wotchuka akadziulula ndiye wasanduka mngelo? Ayi. Somizi yemweyo mu 2021 anayamba waima pa Idols mwamuna wake wakale atamunena kuti ankamuchitira nkhanza, zimene iye anakana. Nkhani ngati imeneyo timaitenga monga timatengera nkhanza za m'banja lililonse: wodandaula amvedwe, chilungamo chioneke. Munthu timuweruze pa zimene wachitira anzake. Akamenya, akaba, akanamiza, timudzudzule. Koma kungonena chabe kuti ine ndili chonchi, walakwira ndani?

Tiganizirenso chifukwa chimene munthu amene ali ndi zonse, dzina, ndalama, omutsatira, amasankhira kuika zonsezo pachiswe. Binyavanga Wainaina, mlembi wa ku Kenya amene anapata mphoto ya Caine mu 2002, anadziulula mu January 2014, masiku omwe dziko la Nigeria linali litangokhazikitsa lamulo lokhwima kwambiri pa anthu otere. Anachita izi polemba nkhani yokhala ngati akuwauza mayi ake ali pa bedi la imfa, mawu amene sanathe kuwauza ali moyo. Mayiwo anali atamwalira zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Munthu wa zaka 43, wodziwika dziko lonse lapansi, chimene chinkamudya mumtima ndi choti mayi ake anapita osamudziwa. Anthu amati amafuna kutchuka. Iye anali wotchuka kale. Ankafuna kusiya kunama.

Ndiye tichite chiyani, ife atsikana wamba a mafoni m'manja? Sitikukutumani kukasintha Penal Code mawa, ngakhale ena mwa inu mudzakhala maloya ndi aphungu ndipo nkhaniyi idzakupezani pa desiki. Tikupempha zinthu zimene mungayambe lero lino.

Chithunzi kapena sikirinishoti yoti wakutiwakuti ndi wotere ikafika pa foni yanu, ithere pa inu. Musaitumize, ngakhale ndi mawu akuti taonani zomvetsa chisoni. Mwa njira imeneyi anthu achotsedwa ntchito, athamangitsidwa m'nyumba za lendi, ena amenyedwa. Dziwaninso kuti lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena pa kompyuta.

Pagulu pakabuka nthabwala zija, simukukakamizidwa kulalikira. Kungosaseka kokha ndi uthenga. Mukalimba mtima, nenani mawu amodzi: ameneyonso ndi mwana wa munthu. Mudzaona ena akukuyang'anani modabwa, mwina adzakufunsani ngati nanunso muli m'gulu lomwelo. Zimawawa, tikudziwa, ifenso anatifunsapo. Koma mwina pagulupo pali mmodzi amene adzagona tulo usiku umenewo chifukwa cha inu.

Mnzanu kapena m'bale wanu akakuuzani za moyo wake, dziwani kuti wakupatsani chinthu chimene chingamuphetse. Musathamangire kwa abusa, kwa amayi ake kapena kwa bwenzi lanu. Simukuyenera kumvetsa zonse tsiku lomwelo. Mungathe kumuuza kuti, ndadabwa, ndipatse nthawi, koma ukadali mnzanga ndipo sindiuza munthu. Mawu amenewo ndi okwanira kuyambira.

Ndipo inu amene chikhulupiriro chanu chimati izi ndi tchimo, sitikukutsutsani pano. Tingokufunsani kuti, ndi tchimo liti lina limene mumathamangitsira mwana panyumba usiku? Amalume oledzera timadya nawo. Achimwene a zibwenzi zitatu timawaphikira. Mwana wotenga mimba ali pasukulu, ife tomwe tinamenya nkhondo kuti abwerere m'kalasi. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 19, amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe. Sanalembe kuti kupatula amene sitigwirizana nawo. Mungathe kusunga chikhulupiriro chanu chonse popanda kuponya mwala, ndipo ambiri mwa inu mumachita kale zimenezo pa nkhani zina zonse.

Kwa iwe amene wakhala muno, kapena ukuwerenga izi pa foni chitseko chitatsekedwa, ndipo nkhani yonseyi ikunena za iwe: palibe amene akukukakamiza kudziulula. Usatengere wotchuka wa ku Johannesburg amene ali ndi mpanda ndi alonda. Yamba waona chitetezo chako, pogona pako, sukulu yako. Kukhala chete kuti ukhale moyo si mantha. Koma maganizo ofuna kudzipha akakufikira, usakhale nawo wekha, lankhula ndi munthu mmodzi amene umamukhulupirira, kapena tilembere. Tidzakuyankha, ndipo dzina lako silidzatuluka.

Aunt Tiwo tinamuseka dziko lonse, ndipo anachoka. Ambiri amene ankakuwiza pa khoti paja lero ndi makolo a ana akuluakulu, ndipo ena mwa anawo amamva nthabwala zomwe zija pa chakudya chamadzulo. Zimene zinachitika mu 2010 sitingazibweze. Koma wotchuka wina adzadziulula, mwina chaka chino, mwina wa kuno kwathu komwe, ndipo mafoni athu adzadzaza. Tsiku limenelo, musanalembe ndemanga, musanaseke, tayang'anani kaye amene mwakhala naye pa mkeka.

 Tipume pang'ono timwe madzi, kenako tilandire mafunso. Amene mwakwiya muyambe ndinu, tabwera kuti timvane.